Makatuni ku Naperi: Mbiri ya Oonera ndi Mikangano Yawo

Mwana wobadwira ku Naperi m'zaka za m'ma 1980 anakula osaganizako kuti chithunzi chojambula pamanja chingayende ndi kulankhula m'chipinda chochezera cha kwawo. Nthawi yonse ya ulamuliro wa Dr Hastings Kamuzu Banda dziko lino linalibe wailesi ya kanema. Anzathu a ku Zimbabwe ndi ku Zambia anali nayo kuyambira kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1960, pamene ife tinali ndi MBC ya pa Chichiri basi, moti Kapalepale ndi Pamajiga tinkangowamva, nkhope za ochita sewero aliyense n'kumadzijambulira yekha m'mutu. Mafilimu ankaonetsedwa ku Apollo m'tauni, atayamba adutsa m'manja mwa bungwe lopima zoonetsa lomwe linabwera ndi lamulo la 1968, koma mwana wa kalaliki sankapitako sabata ndi sabata.

Katuni anali atafika kale, koma ali papepala. Loweruka lililonse Malawi News, yosindikizidwa pa Ginnery Corner, mtunda woyenda wapansi kuchokera ku Naperi, inkabwera ndi Joza wa Vic Kasinja ndi Pewani wa Brian Hara. Nyuzipepala imodzi inkazungulira nyumba zingapo za mumzere umodzi. Oyamba kutsegula tsamba la katuni sanali ana ayi. Anali abambo ogwira ntchito ku Queens, m'mafakitale a ku Makata ndi m'maofesi a boma, amene ankaseka kaye, kenako n'kuyamba kutsutsana ngati zimene wachita Pewani sabata imeneyo zinali nzeru kapena uchitsiru. Pa nthawi imene kukamba za ndale pagulu kunali kuika moyo pachiswe, kukangana za munthu wojambulidwa ndi inki kunalibe mlandu. Okonda makatuni oyamba mu Blantyre anali anthu a ndevu zawo, ndipo mawu akuti makatuni ndi za ana anadzabwera pambuyo, limodzi ndi sikirini.

Sikiriniyo inalowa m'makwalala kudzera ku vidiyo shoo. Chitabwera chipani chambiri mu 1994, malo oonetsera mafilimu anachuluka m'misika ya ku Ndirande, Bangwe, Chilomoni, Zingwangwa ndi Machinjiri. Amene analowamo akukumbukira mmene munkakhalira: chisakasa cha malata akale, mipata yotsekedwa ndi mapepala akuda kuti dzuwa lisalowe, mabenchi a matabwa osapala, deki ndi sikirini pamwamba pa tebulo, sipika itapachikidwa panja kuti phokoso la zibakera likope odutsa. Pakhomo pankakhala bolodi lolembedwa ndi choko, ndi mnyamata wotolera makobidi. Eni malowa ankadziwa kuti ndalama ili pa Rambo, Chuck Norris, Van Damme ndi Jackie Chan. Makatuni ankaikidwa mmawa kapena podikira kuti anthu adzaze, ndipo tepi yomwe sinkasowa inali ya Tom and Jerry.

Mphaka ndi khoswe ameneyu, amene William Hanna ndi Joseph Barbera anawayambitsa ku America mu 1940, anagwira mitima chifukwa sankafuna Chingerezi. Mwana wa Sitandade 1 ndi agogo ake ankamva nkhani yonse mofanana. Mkangano woyamba wa makatuni oyenda umene ndikuudziwa unabadwira pomwepa. Ambiri ankakhala mbali ya Jerry, wamng'ono wochenjera amene amagwetsa chamuna, chifukwa anamuzindikira msanga: ndi Kalulu yemwe uja wa m'nthano, ndipo Tom ndi Fisi. Koma pabenchi lililonse pankapezeka mmodzi woikira kumbuyo Tom, wonena kuti mphakayo akungogwira ntchito imene anamusungira, wakuba ndi khosweyo, ndipo dona wa m'nyumba akapsa mtima wolandira tsache ndi Tom. Kawirikawiri wonena zimenezi ankakhala mwana woyamba kubadwa, wozolowera kukalipiridwa pa zolakwa za ang'ono ake.

Ku Naperi zinthu zinali zosiyanako pang'ono. Nyumba zambiri kumeneko, monganso ku Chitawira ndi ku Nkolokosa, zinali ndi magetsi, ndipo mabanja ena anali ndi deki yawoyawo, yobwera ndi m'bale wochokera ku Johannesburg kapena ku maphunziro kunja. Nyumba yotere inkasanduka ya mzere wonse. Ana ankasiya masilipasi pakhonde, n'kukhala pansi mothinana, aatali kumbuyo. Mayi wa m'nyumbamo ndiye anali mwini malamulo: wosasamba asalowe, wolira atuluke, nthawi ya nsima ikakwana aliyense kwawo. Ochedwa ankaonera pawindo, ataimirira pa njerwa. Tepi ya The Lion King, filimu ya 1994, inazungulira nyumba zotere mpaka zithunzi zake zinayamba kuchita mizeremizere, ndipo pamene Mufasa akugwa m'chigwa mkati mwa nyumbu zothamanga, m'chipinda monse munkangoti zii, wina n'kumapukuta m'maso ndi malaya mobisa.

Kuonera kwa mtundu umenewu ndiko kunaumba khalidwe la okonda makatuni a kuno. Palibe ankaonera yekha, kotero palibe ankasunga maganizo ake mumtima. Munthu ankayankha filimu ili mkati, kuchenjeza sitaringi kuti mdani ali kumbuyo, kufotokozera mnzake zimene zanenedwa m'Chingerezi, nthawi zina zongopeka. Sizachilendo kwa anthu amene anakula akuyankha kuti tili tonse pamene agogo akusimba nthano. Tepi ikatha, nkhani inkapitirira panjira, pa mpopi, pa bwalo la mpira.

Pa 1 April 1999, mu ulamuliro wa Dr Bakili Muluzi, Television Malawi inayamba kuulutsa, ndipo nyumba yake inali pa Kwacha, pafupi penipeni ndi Naperi. Masiku oyambirira inkaonetsa maola ochepa, ndipo nthawi yambiri inkapita ku nkhani, misonkhano, nyimbo ndi masewero monga Tikuferanji. Gawo la ana linali laling'ono, koma linasintha chinthu chimodzi chachikulu: katuni anakhala ndi nthawi yake yodziwika, imene mwana ankaithamangira akaweruka kusukulu. Mabanja amene kale sankaona chifukwa chogulira sikirini anayamba kusunga ndalama.

Chimene chinatsegula chitseko kwathunthu ndi dishi. DStv, yomwe inayamba mu 1995, inali ya opeza bwino, ndipo mwana amene kwawo kunali Cartoon Network ankakhala ndi anzake ambiri kuposa mmene khalidwe lake likanamupatsira. Koma m'zaka za m'ma 2000 kunabwera madikoda otchipa osalipira pamwezi, monga Wiztech ndi Philibao, amene ankagwira mawailesi a kanema a ku South Africa. Madishi anamera pa madenga a ku Naperi, Soche ndi Kanjedza. Akuluakulu ankafuna Generations ndi mpira, koma popeza nthawi ya kuno ndi ya ku South Africa n'chimodzimodzi, ana anapeza kuti chakumadzulo, makolo asanabwere ku ntchito, SABC 2 ikuonetsa Dragon Ball Z.

Ambiri sankadziwa n'komwe kuti chimene akuonera n'cha ku Japan, kuti anachiyambitsa ndi Akira Toriyama m'mabuku azithunzi mu 1984, kapena kuti ku Japan gawo limeneli linaonetsedwa kuyambira 1989 mpaka 1996, iwo ena asanabadwe. Chimene anaona n'chakuti katuni uyu sanali ngati enawo. Nkhani sinkatha tsiku limodzi. Anthu ake ankakula, kukwatira, kubereka, kufa. Ndewu ya sitaringi Goku ndi mdani wake Frieza inatenga masiku ambirimbiri, ndipo magetsi akazima pa tsiku limene tsitsi la Goku linasanduka lagolide, wophonya ankadalira anzake kuti amufotokozere mawa lake kusukulu, aliyense akuwonjezera zake. Pa nthawi yopuma, anyamata ankaika manja pamodzi m'chiuno n'kukuwa Kamehameha, ndipo kumbuyo kwa makope a masamu kunadzaza nkhope za tsitsi losongoka. Ena mwa amene lero akudya za luso lojambula anayambira pa makope amenewo.

Mikangano ya nthawi imeneyo ndimaiona kuti inali yozama kuposa mmene akuluakulu ankaganizira. Pamwamba panali funso losatha lakuti wamphamvu ndani, Goku kapena Vegeta, kenako Goku kapena Superman. Koma pansi pake panali zina. Gulu lalikulu linkakonda Vegeta, mwana wa mfumu wonyada amene amalimbikira usana ndi usiku koma n'kumapitiriridwabe ndi munthu wamba, ndipo aliyense amene ankakhala nambala 2 m'kalasi teremu ndi teremu ankamumvetsa. Panalinso nkhani ya Gohan. Bambo ake omubereka ndi Goku, koma amene anakhala naye m'chipululu, kumuphunzitsa, mpaka kudziika patsogolo kuti afe m'malo mwake, ndi Piccolo. Kwa ana a Chimang'anja, Chilomwe ndi Chiyao, amene amadziwa kuti mwini mbumba ndi malume, ndipo ena fizi yawo ankalipira ndi ankolo, funso lakuti bambo weniweni ndi wobereka kapena wolera silinali la pa sikirini pokha. Ankalikangana ndi mtima wonse.

Naruto atafika, kudzera pa dishi ndi pa ma DVD a ku China odzaza magawo ambirimbiri amene ankagulitsidwa ku Limbe ndi mumsika wa Blantyre, anagwera pa nthaka yokonzeka. Masashi Kishimoto anayamba kumujambula mu 1999, ndipo pa kanema anayamba mu 2002. Ndi mwana wamasiye amene mudzi wonse ukumusala chifukwa cha chilombo chimene anachitsekera m'thupi mwake ali khanda, iye osalakwa kanthu. Makolo amakoka ana awo kuti asasewere naye. Amakhala yekha, amadya yekha, amachita zopulupudza kuti anthu angomuona. Tsopano taganizirani zaka zimene nkhani imeneyi inafika kuno. Mankhwala otalikitsa moyo anayamba kuperekedwa ulele mu 2004, ndipo zaka za m'mbuyo mwake zinali zitasiya ana ambiri akuleredwa ndi agogo kapena azakhali, ena akulozedwa zala ndi anzawo. Pamene mphunzitsi Iruka akumutengera Naruto kukadya n'kumulankhula ngati munthu, panali ana m'zipinda za ku Naperi ndi ku Bangwe amene ankadziwa bwino kulemera kwa mbale imeneyo. Ine ndimakhulupirira kuti n'chifukwa chake Naruto anakhazikika kuno kuposa ena onse, osati chifukwa cha ndewu zokha.

Mkangano waukulu wa okonda Naruto mpaka lero ndi wa Itachi, amene anapha mtundu wake wonse potumidwa ndi akuluakulu a mudzi pofuna kupewa nkhondo, n'kusiya mng'ono wake Sasuke yekha, ndipo analola kudedwa moyo wake wonse osaulula chifukwa. Ena amati ndiye shasha weniweni wa nkhani yonse, mkulu wosenza mtolo wa banja mwakachetechete. Ena amakana kwamtuwagalu, amati wopha mayi ake alibe chomuikira kumbuyo, ndipo olakwa enieni ndi akuluakulu aja amene anatuma mwana ntchito yamagazi iwo n'kutsala oyera. Ndamvapo anyamata akukambirana zimenezi pa malo ometera tsitsi mwaukali womwewo umene amakambira za Bullets ndi Wanderers, wometa ataimitsa makina kuti aikepo mlomo.

Makolo sanangokhala chete. Kwa ambiri, zidole zinali zotayitsa nthawi yowerenga, ndipo mnyamata wa Fomu 4 wopezeka akuonera ankafunsidwa ngati sachita manyazi. Ena nkhawa yawo inali yauzimu. Anaona ana akupinda zala modabwitsa potsanzira Naruto, anamva za ziwanda zotsekeredwa m'mimba, za akufa oukitsidwa ndi chinjoka, za maso ofiira, ndipo m'dziko limene nkhani za ufiti ndi za satana zimamveka m'minibasi ndi pa guwa, anati izi si zabwino. M'nyumba zina Pokémon analetsedwa. Nkhawa imeneyi sindiipeputsa. Kholo lili ndi udindo wodziwa chimene chikulowa m'mutu mwa mwana, ndipo n'zoona kuti makatuni ambiri a ku Japan, otchedwa anime, monga Attack on Titan, sanapangidwire ana aang'ono ngakhale ali ojambula. Vuto linali lakuti makolo ambiri ankaweruza ataima pakhomo, osakhala pansi kuti aone gawo limodzi mpaka kumapeto. Ndi ochepa amene ankadziwa kuti Superbook yoyamba, nkhani za m'Baibulo zimene mabanja achikhristu ankaziikira ana ndi mtima wokhazikika, inajambulidwa ku Japan komweko mu 1981 ndi kampani ya Tatsunoko. Luso ndi lomwelo, chosiyana ndi nkhani yake.

Mu 2013 ma SABC anatsekedwa pa madikoda aulere aja, ndipo madishi ambiri anatsala akuchita dzimbiri. Koma oonera anali atakula, ndipo njira zina zinali zitatseguka kale. Malo obenera nyimbo m'misika ndi m'mbali mwa misewu anayamba kuthira mafilimu m'ma fulashi ndi m'makhadi a foni. Ophunzira a pa Polytechnic, yomwe tsopano ndi MUBAS, ankakopera magawo atsopano pa intaneti ya pasukulu, n'kuwagawira ang'ono awo kunyumba, ndipo kuchokera pamenepo ankadumpha foni ndi foni. Naruto yense ali ndi magawo 720, One Piece ya Eiichiro Oda inapyola magawo 1,000 mu 2021, ndipo palibe bandulo ya mwana wasukulu imene ingakwanitse zimenezo. Choncho munthu wokhala ndi laputopu yodzaza anatenga malo a mayi uja wa deki: kwake ndiko kopita, ndipo iye ndiye wonena choyamba kuonera.

Sikirini itachepa n'kulowa m'thumba, wina akanayembekezera kuti kuonera pagulu kwatha. Kunangosamuka. Gawo latsopano likatuluka, m'magulu a WhatsApp ndi pa Facebook mumadzaza, ndipo tchimo lalikulu ndi kuululira mnzako mathero asanaone. Mikangano yatsopano inabadwa. Ena amati anime aziionera m'Chijapani, mawu omasulira akuyenda pansi, chifukwa kulira ndi kukuwa kwa eni ake kumalowa mumtima. Ena amati sangalipire bandulo kuti aziwerenga, akufuna ya m'Chingerezi. Pali okangana ngati Avatar: The Last Airbender ndi anime kapena ayi, popeza inapangidwa ku America ndi Nickelodeon mu 2005 ngakhale kajambulidwe kake kakutsata ku Japan. Ndipo pali ma DJ omasulira mafilimu m'Chichewa, amene amapatsa anthu a m'filimu mayina akuno n'kusandutsa mzinda wakutali kukhala Ndirande kapena Mbayani. Odzitcha odziwa amawanyoza kuti akuononga nkhani. Ine ndimawaikira kumbuyo, chifukwa akuchita zomwe mnyamata wa pabenchi la vidiyo shoo ankachita pofotokozera mnzake, ndipo kudzera mwa iwo wogulitsa makala amene sanapite patali ndi sukulu amaseka nawo.

Atsikana analipo kuyambira pachiyambi, kungoti nthawi ya katuni inkagundana ndi nthawi yotsuka mbale ndi kusonkha moto, pamene alongo awo ali phee pa mpando. Foni inawapatsa nthawi yawoyawo. Lero ndi iwo amene amafunsa mwamphamvu chifukwa chimene Sakura wa mu Naruto analembedwera mofooka pakati pa anyamata awiri, ndipo ndi iwo amene anakokera ambiri ku mafilimu a Hayao Miyazaki monga Spirited Away ya 2001, mmene mtsikana wamng'ono amapulumutsa makolo ake pogwira ntchito molimbika, popanda kumenya munthu chibakera.

Ana aja a pawindo tsopano ndi aphunzitsi, anamwino, oyendetsa kabaza, ogwira ntchito m'mabanki. Pamene MultiChoice inalengeza mu August 2023 kuti ikuchotsa DStv m'dziko muno chifukwa cha kusamvana ndi MACRA pa mitengo, mpaka nkhaniyo inakonzeka mu December, odandaula sanali okonda mpira okha. Analiponso makolo amene ankadzifunsa kuti ana aziona chiyani Loweruka mmawa. Akira Toriyama atamwalira pa 1 March 2024, abambo a ana awiri kapena atatu anaika chithunzi cha Goku pa mafoni awo osachita manyazi. M'nyumba zambiri za ku Naperi lero, amene akuuza mwana kuti ayambe ndi Dragon Ball asanafike pa Demon Slayer ndi bambo ake omwe.

Funso limene likukula tsopano ndi lakuti zathu zili kuti. Silinayambe lero. Mu 1996 UNICEF inayambitsa Sara, mtsikana wa kumudzi woyenda ndi kanyani kake Zingo, ndipo Malawi linali limodzi mwa mayiko amene anathandiza kuumba nkhani yake. Ku Zimbabwe anatulutsa The Legend of the Sky Kingdom mu 2003, zidole zake zopangidwa ndi zinthu zotoleza kudzala. Ku Tanzania a Ubongo akuphunzitsa ana masamu ndi kuwerenga kudzera m'makatuni. Koma chimene chinagwedeza achinyamata a kuno ndi Supa Team 4, imene Netflix inatulutsa mu July 2023, yoyambitsidwa ndi Malenga Mulendema wa ku Zambia, nkhani ya atsikana anayi a sukulu oteteza Lusaka wam'tsogolo. Lusaka si Tokyo. Ndi kwa anansi, kumene basi imafika tsiku lomwelo, kumene anthu amalankhula Chinyanja.

Achinyamata oyesa kupanga makatuni alipo mu Blantyre, ndipo ntchito zawo zazifupi zimayenda pa Facebook ndi pa TikTok. Ntchitoyi ndi yowawa. Sekondi imodzi ya kanema imakhala ndi zithunzi 24, ndipo ngakhale a ku Japan, amene amachepetsa n'kujambula 8 kapena 12 pa sekondi, amafuna gulu lalikulu la anthu kuti gawo limodzi lituluke. Kuno amakhala munthu mmodzi, laputopu yakale, pulogalamu yaulere ngati Blender, ndi magetsi osadalirika. Oonera athu, amene maso awo anazolowera za ku Japan, sachedwa kunena kuti miyendo ikuyenda mouma ndipo milomo sikugwirizana ndi mawu. Amalakwitsa poyerekeza mnyamata mmodzi wa ku Zingwangwa ndi kampani ya ku Tokyo, komabe amaonera mpaka kumapeto ndi kutumizirana, makamaka pamene wojambulidwayo akulankhula Chichewa cha mumsewu, chomwecho chimene amalankhula kondakitala.

Akakhala pansi kukambirana nkhani zoyenera kujambulidwa, mayina amatuluka okha: Napolo wotsika m'phiri ndi madzi, mizimu ya pa Sapitwa, Mbona wa ku Khulubvi, John Chilembwe ndi kuukira kwa 1915. Pa nkhanizo amagwirizana msanga. Pomwe pali mkangano ndi pa chilankhulo. Ena akuti zipangidwe m'Chingerezi kuti a Netflix azigule ndipo ojambula apeze cholowa. Ena akuti ziyambe m'Chichewa, a kunja aziwerenga mawu oyenda pansi monga mmene ifenso timawerengera za ku Japan.